Dimba ndi khitchini pa sukulu ya mkaka: tiyambire pati ndi ana a zaka 3 mpaka 5?

Mlezi:
Moni nonse apagulu. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa ntchitoyi. Sukulu ya mkaka ili ndi ana 20 a zaka 3 mpaka 5, ndipo kuseri kwa kalasi kuli kamalo ka mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi. Tikufuna ana azilima, kenako aziphika zomwe alimazo. Tibzale chiyani? Bedi likule bwanji? Nanga kukhitchini mwana wa zaka zitatu angagwire chiyani osavulala? Chonde tipatseni ndi miyezo yomwe, osangoti bzalani masamba.

Mlangizi wa Mbewu:
Zikomo amayi. Musanagule mbewu, yambani mwaliona dzuwa. Mbewu zambiri zam'dimba zimafuna dzuwa la maola 6 pa tsiku, ndipo kuseri kwa kalasi nthawi zambiri khoma limatchinga. Kaimeni pamalopo 9 koloko m'mawa, 12 koloko ndi 3 koloko masana, muzilemba pansi ndi kamtengo pomwe mthunzi wafika. Pomwe pali mthunzi maulendo awiri mwa atatuwo pangakhale letesi yekha, nyemba ndi tomato ayi.

Bedi liyezedwe ndi mkono wa mwana. Mwana wa zaka zinayi akagwada n'kutambasula dzanja amafika masentimita 30 mpaka 35 basi. Choncho bedi lisapitirire masentimita 60 m'lifupi, kuti afike pakati ali mbali iliyonse. Bedi la mita yathunthu ndi la akuluakulu. Mwana akalephera kufika amaponda, dothi limagangatika, madzi salowa, mizu siyenda. Pamalo anuwo pakwana mabedi atatu a masentimita 60 m'lifupi ndi mamita 2 m'litali, tinjira ta masentimita 60 pakati pake, ndipo m'mbali monse mutsala theka la mita loyendamo. Kwezani bedi masentimita 15 kapena 20, m'mphepete muike njerwa kapena matabwa opanda misomali. Malire ooneka ndi maso amagwira ntchito kuposa kukuwa kuti musaponde.

Mlezi:
Zamveka abambo. Nanga mbewu zake?

Mlangizi wa Mbewu:
Sankhani poona zinthu ziwiri: njere ikhale yaikulu yoti tizala tiigwire, kapena mbewuyo ikhale yofulumira.

Nyemba zosayanga ndiye poyambira. Phando lakuya masentimita 3, motalikana masentimita 10. Zimamera pa masiku 5 mpaka 10, zitheba mumathyola pa masiku 50 mpaka 60. Radishi amamera pa masiku 3 mpaka 7 ndipo amazulidwa pakatha mwezi umodzi, ndi imodzi mwa mbewu zam'bedi zofulumira kwambiri. Iyeyu mumafesa kuya sentimita imodzi, akamera mupatulire kuti atalikane masentimita 4, mukapanda kupatulira mudzakolola masamba okhaokha. Letesi musamukwirire, ingowazani kadothi pang'ono pamwamba chifukwa njere zake zimafuna kuwala, komanso dothi likatentha kwambiri samera bwino. Njere za mpendadzuwa mubzale kumapeto a bedi, mbali yomwe mthunzi wake sugwera pa mbewu zina.

Karoti ana amamukonda pozula koma ndi wovuta poyamba. Njere zake ndi tating'onoting'ono, zimatenga masabata awiri kapena atatu kuti zimere, ndipo pamwamba pa dothi pakangouma tsiku limodzi lotentha mmera umafa. Ngati mukumufunabe, sakanizani supuni yaing'ono imodzi ya njere ndi kapu imodzi ya mchenga wouma, ana awaze m'kamzere. Dzungu limodzi lokha lingayange n'kudzaza malo anu onsewo, ndiye libzalidwe kumpanda kapena mungogula lophika.

Chinanso chomwe anthu amaiwala ndi tchuthi. Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera sabata lotsekera. Ngati teremu ndi ya masabata 12, karoti wa masiku 75 ayenera kufesedwa sabata loyamba. Kupanda kutero akhwima ana ali kunyumba.

Mphunzitsi Wamkulu:
Ndiwonjezerepo mbali ya maphunziro, pakuti dimba limeneli si lodyetsa sukulu. Mabedi atatu sangakhutitse ana 20. Phindu lake ndi zomwe mwana akuona ndi kuchita ndi manja. Nzeruyi ndi yakale ndithu: Friedrich Fröbel atakhazikitsa sukulu yake ya ana aang'ono ku Bad Blankenburg ku Germany cha m'ma 1840, mwana aliyense anali ndi kamunda kakekake, pambali pa malo olima onse pamodzi. Ine ndimaona kuti umwini umenewu ndi wofunika. Mwana akati nyemba yanga, amakumbukira yekha kukaiona m'mawa.

Mlangizi wa Mbewu:
Aphunzitsi, za umwini sindikutsutsa, koma pa malo a amayiwa sizitheka m'bedi. Gawani mabedi atatu kwa ana 20 muone: aliyense kachigawo ka masentimita 30 okha m'litali mwa bedi. Wina zake zimera, wina zidyedwa ndi mbozi, kulira kuyambike. Bedi likhale la onse. Umwini upite m'makapu. Mwana aliyense kapu yake ya pulasitiki, yobooledwa mabowo atatu kapena anayi pansi, yokhala ndi chizindikiro chake popeza sanadziwe kuwerenga dzina. Njere ziwiri m'kapu iliyonse, ndipo mlezi abzale makapu ena asanu apadera.

Kholo:
Makapu apaderawo ndi oti mbewu ya mwana ikafa musinthe mobisa iye asanaone eti? Ine ndikuona ngati ndi bwino, ana aang'ono amakhumudwa msanga.

Mphunzitsi Wamkulu:
Ayi amayi, mobisa ayi. Mbewu yakufa ndi phunziro lalikulu kuposa yamoyo. Khuthulani kapuyo pa pepala ana akuona. Njere yafewa ndipo ikununkha? Madzi anachuluka, inaola. Ikadali gwa monga munaibzalira? Madzi sanafike. Kammera kanatuluka koma kaonda pa tsinde pomwe kakhudzana ndi dothi n'kugwa? Ndi matenda a chinyezi chopitirira. Mukatha kuona zimenezo, mwanayo asankhe yekha kapu ina mwa zapadera zija. Wakhumudwa mphindi ziwiri, koma wadziwa chifukwa.

Pali kayesedwe kena kosalira ndalama. Makapu awiri a nyemba, dothi limodzi, madzi ofanana, ina pawindo ina m'kabati yamdima. Funsani ana kuti chichitike n'chiyani. Pafupifupi onse amati yamumdima simera. Koma imamera, ndipo imatalika kuposa inzake, yoonda, yachikasu, masamba ang'onoang'ono, chifukwa ikudya chakudya cha m'njere n'kumafunafuna kuwala. Ikatulutsidwa pawindo imayamba kubiriwira pakapita masiku awiri kapena atatu. Musinthe chinthu chimodzi chokha pa kayesedwe kalikonse. Mukaika ina mumdima n'kuimananso madzi, ana sadziwa chomwe chaipha.

Masamu alimo kale, safuna kuwakakamiza. Kuwerenga njere zisanu m'dzanja, kuika njere imodzi pa phando limodzi, kusankhula zazikulu ndi zazing'ono. Poyeza msinkhu wa mbewu musavutike ndi rula. Dulani ulusi wofanana ndi kutalika kwa mbewuyo Lachisanu lililonse, mumate pa khoma motsatana. Pakatha mwezi khomalo likuonetsa lokha kukula kwake.

Mlezi:
Za ulusizo zandisangalatsa. Koma vuto lomwe ndikuliopa ndi madzi. Ana 20 aliyense akufuna kuthirira.

Mlangizi wa Mbewu:
Mwalasa. Madimba a ana ambiri amafa ndi madzi, osati chilala. Muyezo wake ndi uwu: masamba amafuna malita pafupifupi 25 pa sikweya mita pa sabata. Bedi lanu la masentimita 60 ndi mamita 2 likufuna malita 30 pa sabata, kutanthauza malita 6 pa tsiku la sukulu. Ndiye ana asanu ndi mmodzi pa bedi, aliyense botolo la lita imodzi, botolo likatha wamaliza. Mabedi atatu ndi ana 18, awiri otsalawo athirire makapu, mawa asinthane. Nyengo yotentha kapena dothi lamchenga muwonjezere, kukagwa mvula musathirire konse.

Kheni ya akuluakulu musawapatse. Ndi yolemera, ndipo madzi ake amakokolola njere. Tengani botolo la pulasitiki, boolani chitsekerero mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi ndi msomali wowotcha. Aphunzitseni kupisa chala m'dothi mpaka pa mfundo yoyamba asanathire: chikatuluka ndi dothi lomata, lero ayi. Athire pansi pa mbewu, osati pamasamba, ndipo m'mawa. Mbewu zikafika masentimita 10 phimbirani ndi udzu wouma, zimenezi ndi zomwe zimapulumutsa dimba Loweruka ndi Lamlungu.

Kupalira kokha samalani. Mwana wa zaka zitatu sasiyanitsa udzu ndi karoti. Bzalani m'mizere yowongoka, mangani chingwe pamwamba pa mzere, lamulo likhale lakuti chomwe chili pansi pa chingwe sitizula.

Namwino:
Ndilowererepo pa zachitetezo, ndipo nditalikitsa pang'ono chifukwa apa m'pomwe pamachitikira ngozi.

Mbewu zam'mapaketi zambiri zimakhala zopakidwa mankhwala, mumazidziwa ndi mtundu wofiira, wapinki kapena wobiriwira. Zimenezo mwana asazigwire. Gulani zosapaka. Nyemba youmanso imalowa m'mphuno ndi m'khutu, ndipo ikanyowa imafufuma. Perekani njere zowerengeka kwa gulu laling'ono, mukatha muwerengenso. Ikalowa m'mphuno musatokose ndi kamtengo, mumangoikankhira mkati, pitani naye kuchipatala.

Manyowa a ziweto osaola ali ndi tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba. Lamulo lomwe alimi ambiri amatsata ndi lakuti padutse masiku 120 kuchokera pothira manyowa otere kufika pokolola mbewu zokhudza dothi monga karoti, radishi ndi letesi, ndi masiku 90 pa mbewu zosakhudza dothi. Radishi wa mwezi umodzi sangadikire zimenezo. Choncho m'dimba la ana mulowe manyowa a kompositi oolerana, akuda, osanunkha, osaonekanso kuti anali chiyani. Amphaka amakonda kuchita chimbudzi m'bedi lofewa, ndiye yenderani m'mawa uliwonse ana asanafike. Ngati malowo ali m'mbali mwa nyumba yakale yomwe penti yake ikusupuka, kapena pafupi ndi msewu wodutsa magalimoto ambiri, dothi likhoza kukhala ndi mtovu. Pamenepo bweretsani dothi lina mudzaze m'mabokosi.

Yenderaninso mpanda wonse muzule zomera zapoizoni. Nsatsi ndiye zoopsa kwambiri, njere zake ndi zokongola ndipo zimafanana ndi nyemba. Masamba a tomato ndi a mbatatesi sadyedwa, mbatatesi yobiriwira nayonso ayi. Mwana aphunzire kuti m'dimba sitilawa kanthu tisanafunse.

Ndowa yamadzi isasiyidwe yosavundikira. Mwana wamng'ono akagweramo chamutu amamira ngakhale m'madzi ochepa kwambiri, ndipo sakuwa. Madzi ongokhala amaswanso udzudzu pa sabata limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Bala lililonse litsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo nthawi yomweyo, ndipo onetsetsani kuti ana onse analandira katemera wa kafumbata.

Kholo:
Nanga nsabwe zam'masamba zikagwa, osapopera mankhwala?

Mlangizi wa Mbewu:
Osapopera amayi. Nsabwe zimachoka ndi madzi owazidwa mwamphamvu kunsi kwa tsamba, masiku angapo motsatana. Mbozi ndi nkhono mlezi atole ndi dzanja, aike m'botolo lobooledwa ana aziona tsiku limodzi. Mbozi yaubweya mwana asaigwire, imayabwa. Tsamba lobooka limadyeka bwinobwino.

Wakukhitchini:
Tsopano tibwere ku poto. Choyamba ndi gulu: wamkulu mmodzi, ana anayi kapena asanu, mphindi 15 mpaka 20. Ana 20 onse kuzungulira tebulo limodzi si kuphika, awiri amagwira ntchito ena 18 akukankhana. Tebulo lifike pamchombo pa mwana ataimirira. Pansi pa thabwa lodulirapo yalani kansalu konyowa kuti lisaterereke. Zonse ziyezedwe ndi kuikidwa m'timbale ana asanalowe, chifukwa mukatembenuka kukafuna mchere mupeza ufa uli pansi.

Wa zaka 3 atsuke masamba m'beseni, ang'ambe letesi ndi manja, athyole zitheba, aphwanye nthochi kapena dzungu lophika ndi foloko, atakase zozizira. Wa zaka 4 ayeze ndi kapu, athire madzi kuchokera m'kajagi kakang'ono, akande ufa, asende dzira lowiritsa. Wa zaka 5 akhoza kudula zofewa. Moto, mafuta otentha ndi kukhuthula madzi owira ndi za wamkulu yekha, ndipo jambulani mzere pansi mita imodzi ndi theka kuchokera pachitofu woti mwana asadumphe. Chigwiriro cha poto chiloze kukhoma.

Namwino:
Achimwene, mpeni kwa mwana wa zaka zisanu? Ine pamenepo mtima sukhazikika.

Wakukhitchini:
Ndikumva anamwino, koma si mpeni wosendera ayi. Ndi mpeni wapatebulo wosasongoka, uja wopakira batala, pa nthochi, dzungu lowiritsa kapena nkhaka yomwe wamkulu waidula kale pakati m'litali kuti igone chafufumimba osagubuduka. Ngozi zambiri zimabwera chifukwa chinthu chozungulira chathawa pansi pa mpeni. Kagwiridwe kake nkwa mitundu iwiri. Koyamba, chala chachikulu mbali ino, zala zinazo mbali inayo, mpeni udutse pansi pa dzanja pakati pawo. Kachiwiri, zala zipindidwe, nsonga zake zibisale, mpeni uyende kutsogolo kwa mfundo. Karoti wosaphika asadule, ndi wolimba, mwana amakanikiza ndi thupi lonse mpeni n'kuterereka.

Mphunzitsi Wamkulu:
Ndigwirizana ndi achimwenewa. Maria Montessori atatsegula nyumba yake ya ana ku Rome mu 1907, ankawapatsa ziwiya zenizeni zogwirizana ndi msinkhu wawo, kutsanulira madzi, kukonza tebulo, kugawa chakudya. Mwana amasamala akadziwa kuti chomwe wagwira si chidole. Koma mmodzimmodzi, wamkulu ali pambali, osati mipeni isanu nthawi imodzi.

Namwino:
Chabwino, mmodzimmodzi ndalola. Koma izi zokha musanyengerere. Kusamba m'manja ndi sopo masekondi 20 pochoka kudimba, asanagwire chakudya, ndiponso akayetsemula kapena kugwira mphuno, ndipo madzi akhale othira, osati beseni limodzi ana onse. Masamba atsukidwe ndi madzi oti munthu angamwe.

Ufa wokanda asalawe. Anthu amaopa dzira laliwisi lokha, koma ufa wa tirigu wosaphika nawonso umatha kukhala ndi tizilombo. Nyemba zouma, makamaka zofiira, zili ndi poizoni yemwe amasanzitsa zikapanda kupsa: zinyikidwe maola osachepera 5, madziwo atayidwe, ziwire mobwadamuka mphindi 10, kenako zipitirire mpaka zifewe. Zomwe zamera m'kapu ndi zoonera, si zodya. Chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri.

Kutsamwa ndiye kumapha mwakachetechete. Kwa ana osakwana zaka zisanu, tomato wamng'ono wozungulira ndi mphesa zidulidwe panayi m'litali, karoti wosaphika apalidwe kapena awiritsidwe, mtedza wathunthu ayi. Adye atakhala pansi, osathamanga, osaseketsana chakudya chili m'kamwa. Musanayambe pulogalamu yonseyi, kholo lililonse linene ngati thupi la mwana limadana ndi mtedza, mkaka, mazira, tirigu, soya kapena nsomba, ndipo mndandandawo umatidwe kukhitchini. Mwana akatupa milomo kapena kubanika atadya, n'zothamangira kuchipatala. Akapsa, madzi ozizira oyenda mphindi 20, osapaka mafuta kapena mankhwala otsukira mano.

Mlezi:
Ndalemba zonse. Mungandipatseko chophika chimodzi kapena ziwiri zokwanira ana 20?

Wakukhitchini:
Supu wa dzungu ndi wosavuta. Dzungu losenda kilogalamu imodzi ndi theka, karoti magalamu 500, anyezi awiri, mafuta masupuni aakulu awiri, madzi malita awiri, mchere supuni yaing'ono imodzi yokha pa poto yense. Wamkulu akazinge anyezi mphindi 5, athire zinazo, ziwire mphindi 25. Zikazizira, ana aphwanye ndi foloko m'timbale, wamkulu abwezere pamoto mpaka awirenso. Mwana aliyense theka la kapu. Zitheba zam'dimba mwanu, ngakhale zitakhala 15 zokha, anazo azithyole tizidutswa tating'ono, zilowe m'poto mphindi 10 zomaliza. Muone m'mene azisakira m'mbale.

Chachiwiri ndi timabanzi, chifukwa ana amaona ufa ukusintha. Ufa wa tirigu magalamu 500, yisiti youma magalamu 7, madzi ofunda mamililita 320, mchere supuni yaing'ono imodzi, mafuta supuni yaikulu imodzi. Madzi akhale ofunda moti chala chikhalemo osamva kuwotcha. Otentha kwambiri amapha yisiti ndipo ufa sufufuma. Kandani mphindi 10, ikani m'mbale yoonekera mkati, lembani mzere pomwe ufa walekeza, vundikirani ola limodzi. Ana akabwerako apeza wadutsa mzere uja pafupifupi kawiri. Gawani tizidutswa 20, aliyense aumbe kake pa kapepala kokhala ndi chizindikiro chake, tifufumenso mphindi 20, kenako mu uvuni wa madigiri 200 kwa mphindi 12 mpaka 15. Cholakwika chofala n'chakuti ana amawonjezera ufa chifukwa ukumata m'manja, mabanzi n'kutuluka ngati miyala. Apakeni timafuta m'manja m'malo mwa ufa.

Kholo:
Funso langa lomaliza. Mwana walima, wathirira, waphika, koma pakudya akukana. Pamenepo si ndiye kuti zonse zapita pachabe?

Namwino:
Ayi amayi. Kuopa chakudya chachilendo n'kwachibadwa pakati pa zaka 2 ndi 6. Mwana angafunike kuchiona pambale kakhumi kapena kupitirira asanachilandire, ndipo kugwira, kununkhiza ndi kunyambita zonse zimawerengedwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 2 mpaka 5 azidya zipatso ndi masamba osachepera magalamu 250 pa tsiku, koma muyezo umenewu sufikidwa ndi kukakamiza. Muikireni kochepa kwambiri, supuni imodzi. Musamulonjeze switi akamaliza, chifukwa mukumuuza kuti masambawo ndi chilango. Wamkulu adye nawo patebulo lomwelo, ndipo wokanayo akhale pafupi ndi mnzake wodya bwino.

Mphunzitsi Wamkulu:
Ndipo musafunse kuti zakoma kapena ayi, yankho lake limatseka nkhani. Funsani kuti zikumveka bwanji pakamwa: zofewa, zolimba, zotsekemera, zowawasa, zoyabwa pa lilime? Radishi amayabwa ndithu, ambiri amulavula. Ikani kambale kolavuliramo, mwana akadziwa kuti akhoza kulavula salimbalimba polawa.

Mlezi:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye sabata loyamba ndiyambe ndi chiyani kwenikweni?

Mlangizi wa Mbewu:
Lolemba ndi Lachiwiri onani dzuwa, zulani zapoizoni, akuluakulu atipule ndi kukweza mabedi. Ndowa ziwiri za kompositi pa bedi lililonse, zisakanizidwe ndi dothi lapamwamba. Koma siyani ngodya imodzi yosabzala kanthu, yoti ana azingokumba ndi timafosholo ndi kusaka nyongolotsi, apo ayi akukumbirani m'bedi la nyemba. Lachitatu makapu. Lachinayi nyemba bedi loyamba, karoti bedi lachiwiri. Lachisanu radishi ndi letesi bedi lachitatu, koma theka lokha, theka linalo mudzafese pakapita masabata awiri kuti gulu lililonse lidzapeze chozula. Lachisanu lomwelo thirirani mokwanira, yalani thumba lonyowa pa mzere wa karoti, ndipo pezani woti adzathirireko Loweruka. Thumbalo muzisuzumira pansi pake tsiku lililonse kuyambira tsiku lachisanu ndi chiwiri, mukangoona kobiriwira lichoke.